Mawu Amene Munasiya Tsidya la Ruo

MAYI ROZINYA MULEPA
Anabadwa mu 1970, anatisiya pa 14 Julaye 2022

Amayi, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Ababa anati ndilembe mizere isanu pansi pa chithunzi chanu m'nyuzipepala monga amachitira anthu onse: tikukusowani, usani mumtendere, basi. Mizere isanuyo ndaiyesa kangapo, koma dzanja likukana kuima. Mundikhululukire, ndilemba zambiri, ngakhale ndikudziwa kuti zolembalemba inu simunkazikhulupirira. Ndine Lyson, mzime wanu.

Chithunzi chimene tasankha ndi chija munajambulitsa pa Limbuli chopangira chitupa chowolokera malire. Wojambula anakuletsani kuseka, ndiye mwafinya milomo ngati mwabisa kanthu m'kamwa. Amene sanakudziweni aziyesa munali mayi wovuta. Sadzadziwa kuti mutangotuluka m'kanyumbamo munaseka mpaka kukhala pansi pakhonde la eni, mukuti, "Munthu ameneyu akufuna asilikali a tsidya asandizindikire."

Munafika ku Milonde muli mtsikana wa zaka 16, mukuthawa nkhondo ya kwanu ku Mozambique. Munakwatiwa ndi ababa, munathyola tiyi pa esiteti mpaka zala zanu zinada osayeranso ndi sopo wina aliyense. Munkapemphera m'Chilomwe, kutikalipira m'Chichewa, ndipo Chipwitikizi munkasungira asilikali a tsidya ndi nkhuku zikalowa m'nyumba.

Koma anthu a kuno sakukumbukirani chifukwa cha tiyi. Amakumbukira kuti munthu wa kwathu akagwidwa tsidya la Ruo, abale ake sankathamangira ku boma, ankathamangira kunyumba kwathu. Wina amulanda njinga chifukwa ilibe chitupa cha dziko la eni. Wina wamenyana pa mowa ku msika wa kumeneko. Wina wamwalira ali kocheza, ndipo maliro akufunika kuwoloka mtsinje opanda pepala. Inu munkangomanga mpango, kutenga chinanazi chimodzi ndi paketi ya tiyi, n'kutsikira kudoko. Ntchito imeneyi inalibe dzina, ndipo palibe amene anakusankhani.

Ndili wamng'ono munanditengako kawiri kapena katatu, ndipo ndinkatopa nanu. Mukafika pa kapositi ka asilikali a pamalire simunkalunjika kwa shefi, mkulu wa pamalopo. Munkayamba ndi mayi wosesa pabwalo, kumufunsa za mwendo wake. Kenaka msilikali wamng'ono wa pachipata, m'Chilomwe: kwanu n'kuti, akwanu ndani, mvula yagwa bwanji kumeneko. Mukatero munkayala nsalu pakhonde, kutambalala, n'kuyamba kusenda nandolo amene munanyamula dala. Shefi akadutsa, moni wa Chipwitikizi, "Bondiya, shefi," basi. Akafunsa koyamba chimene mwadzera, munkati mwangodzaona anthu. Akafunsa kachiwiri, munkati miyendo yatopa. Kachitatu m'pamene munkati, "Mwana wathu wina akuti wakulakwirani. Tabwera kudzamva." Simunanenepo kuti munthu wanu ndi wosalakwa, ngakhale pamene anali wosalakwadi. Ndipo pepala simunkanyamula. Munkati, "Nkhani ikadali pakamwa ili ngati nsungwi yaiwisi, umaipinda mmene ufunira. Ikalowa m'buku yauma. Ukaipinda, ithyoka." Dzuwa likamapendeka munkatulukira naye munthuyo, akukankha njinga yake pambuyo panu, wamanyazi ngati mkamwini watsopano.

Ine ndinkaziona ngati zachikale. Ndinkati n'kugwada kwa anthu osaphunzira, osadziwa ufulu wawo. Sindinakuuzenipo, koma munkadziwa.

Ndili chaka chachitatu ku koleji ku Zomba, ndikuphunzira za ndale ndi ubale wa mayiko, kunabwera sikolashipu ija. Bungwe lina lakunja limatenga achinyamata owerengeka chaka chilichonse, kukawaika m'maofesi a akazembe ndi m'misonkhano ikuluikulu ya mayiko kwa chaka chathunthu, kuti adzakhale atsogoleri odziwa kulankhula ndi maboma a eni. Nditakufotokozerani, munaleka kusankha nyemba n'kundiyang'ana.

"Ndiye kuti chaka chonsecho akakuphunzitsani kupepesa?"

"Ayi amayi, kukambirana. Za ukazembe."

"Kusiyana kwake n'kotani?"

"Kumeneko kuli malamulo, kuli mapangano olembedwa."

"Oho," munatero. "Nanga mipando akakupatsani?"

"Mipando iliko, amayi."

"Ndiye ndi ntchito yophweka."

Munaseka mpaka kutsokomola. Komabe pofika Loweruka msika wonse wa Milonde unali utamva kuti mwana wa a Rozinya akukakhala kazembe. Amayi ogulitsa usipa ankandiitana Bwana Kazembe, ine n'kumachita ngati sindikufuna, koma mumtima ndikukondwera. Malaya anga oyera munawasita ndi makala katatu, kudakali mwezi wathunthu.

Tinalembera anthu mazana, ndipo ine ndinali mmodzi mwa makumi awiri amene anaitanidwa ku intavyu ku Lilongwe. Anzathu amene anayesapo anatitsina khutu kuti funso lalikulu limakhala limodzi: fotokozani mkangano umene inu mwini munathetsapo. Ine ndinalibe ndi umodzi womwe. Ndinali ndi mabuku, mitsutso ya m'kalasi, ndi tayi. Ndinabwera ku tchuthi cha Juni funso limeneli likundibaya ngati minga ya m'nsapato.

Sabata yomweyo alamu anga a Elson, amuna a achemwali anga a Millie, anagwidwa tsidya akuchokera kogula chimanga. Chitupa cha njinga yawo chinali chitatha. Nkhani yaing'ono, ya tsiku limodzi, yonga mazana amene munathetsa. Koma inu munali mutagona masiku atatu ndi malungo, osatha ndi kutunga madzi komwe. A Millie atabwera akulira, munayamba kufufuza mpango wanu pamphasa, ndipo ine ndinaona mwayi wanga. Amayi, sindinaganize za a Elson. Ndinaganiza za intavyu.

"Gonani, ndipita ine. Zimenezi n'zimene ndikuphunzira."

Munandiyang'ana, kenaka munati, "Chinanazi chili kuseri kwa chitseko. Ukakhale pansi."

Chinanazicho ndinamusiyira wopalasa bwato padoko. Ndinati munthu wovala tayi sangalowe pa ofesi atakumbatira chinanazi, ndiponso m'mabuku athu zimenezo zili ndi dzina loipa. M'malo mwake ndinanyamula kalata ya Chingerezi, masamba awiri, yotchula mapangano a mayiko a chigawo chino pa za kayendedwe ka anthu ndi malonda a m'malire.

Ndinawapeza a Elson sanatsekeredwe n'komwe. Anali pa benchi pansi pa mtengo wa mango, akusewera bawo ndi msilikali wa pachipata, njinga yawo itatsamira khoma. Mayi wosesa uja anandilonjera, ine ndinangokweza dzanja ndikudutsa. Shefi anali pakhonde akudya chinangwa chootcha. Chichewa amachidziwa bwino, pakuti nayenso anakulira kuno nthawi ya nkhondo.

"Khalani pansi, achimwene, mwachokera kutali," anatero, akundisunthira mpando ndi phazi.

"Sindikhalitsa."

Ndinawerenga kalata yonse nditaimirira, asilikali ake atatu akumvetsera. Iye ankangomwetulira, akusenda chinangwa chake. Kumwetulirako kunandipsetsa mtima. Ndinatulutsa kabuku ndi bolopeni m'thumba la malaya, ndinamufunsa dzina lake ndi nambala yake ya ntchito, ndipo ndinazilemba iye akuona. Analeka kutafuna.

"Mwalemba?"

"Ndalemba."

"Chabwino. Ndiye nanenso ndilembe."

Anaitanitsa buku lalikulu lakuda. Pofika masana a Elson anali kumbuyo kwa galimoto kupita ku boma la kumeneko, njinga itakhomeredwa m'chipinda. Pokwera galimotoyo anangondiyang'ana, mbewu za bawo zidakali m'manja.

Kunyumba ndinanama. Ndinati shefi wasintha, wauma mtima, sakumva za munthu. A Millie anakhulupirira, anansi anakhulupirira. Inu munayang'ana thumba la malaya anga, pamene panali kabuku ndi bolopeni, n'kunena kuti, "Millie, ndipatse nsalu yanga yokhuthala ija." Nditati ndikuperekezeni, munati, "Iwe wapita kale." Simunakweze mawu. Bola mukanandimenya.

Munakhala pakhonde lija masiku anayi, chiperoni chikuwaza, malungo ali m'thupi. Tsiku lachisanu madzulo a Elson anatulukira kudoko akukukankhani pa njinga yomwe ija, mutafunda nsalu kumutu. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaimba nthungululu, inu mukuyesa kuseka koma chifuwa chikukukanizani. Ku chipatala anati ndi chibayo. Munagonako masiku asanu ndi anayi. Tsiku lililonse ndinkabwera nditakonzeka kuti mundifunse, ndipo tsiku lililonse munkandifunsa china: intavyu ija ndi liti, tsitsi udzamete, malaya aja usawavale asanafike masiku ake. Za tsidya simunatchulepo.

Ku Lilongwe ndinapita patatha masabata awiri titakuikani, chifukwa ababa anati mukanafuna choncho. Anthu atatu kuseri kwa tebulo, timbendera ting'onoting'ono, madzi a m'botolo. Anandipatsa mpando wofewa. Mayi wina wa magalasi anafunsa funso lija mwaulemu, ndipo yankho ndinali nalo. Ndinaliloweza m'basi: mmene ndinawolokera malire, mmene ndinatchulira mapangano, mmene munthu wosalakwa anatulukira. Mawu ake onse, aliwonse paokha, anali oona. Ndinatsegula pakamwa, kenaka ndinaimirira, ndinapepesa, n'kutuluka. Ku Zomba sindinabwererenso, ngakhale kukatenga bulangeti langa.

Chiyambire tsiku limenelo sindikhazikika. Ndanyamulirapo alendo zikwama kukwera ku Chambe, pa phiri la Mulanje. Tikafika pamwamba iwo akupuma ndi kujambula mitambo, ine ndikufuna kutsika. Ndagulitsapo mapeyala pa Chinakanaka, kuthamangira galimoto iliyonse, ngakhale yosaima. Ndakhalapo kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, ndipo ntchito imeneyo ndinaikonda pang'ono chifukwa chitseko chake sichitsekeka. Kutchalitchi ndimatuluka ulaliki usanathe. Kumanda kwanu ndimafika, kuzula udzu uwiri utatu, miyendo n'kuyamba kundiyabwa. Anthu amati sukulu inandisokoneza mutu. Amayi a usipa aja analeka kundiitana dzina lija, ndipo kuleka kwawoko kumandipweteka kuposa akanandiseka.

Amene anapita ndi sikolashipu ija ndimawaona pafoni. Mmodzi tinkagona chipinda chimodzi ku Zomba. Waima pakati pa mbendera za mayiko, wavala suti yomukhala bwino, akulankhula za anthu a m'malire ndi mavuto awo. Ndi mnyamata wabwino, sindimuda. Koma Ruo sanamuwolokepo madzi ali m'chiuno, katundu ali pamutu. Fomu ya bungwe lija ili ndi malo a masatifiketi, malo a mphotho, malo a mabungwe amene unatsogolerapo. Inu, amene munabweza anthu osawerengeka ndi maliro asanu ndi awiri popanda wina kutukwana mnzake, simukanadutsa tsamba loyamba. Zimenezi zimandiwawa, ndimafuna kuwalembera kalata yoti achite manyazi. Kenaka ndimakumbukira kuti woyamba kukuyesani wosaphunzira ndinali ine, mwana wodya nandolo wanu.

Masabata awiri apitawo Mayi Diana, amene ankatiphunzitsa ku Zomba, anandipeza pafoni. Sindikudziwa nambala anaitenga kuti, pakuti ndasintha katatu. Anati koleji yavomera kuti ndibwerere, ndipo sikolashipu ija yatsegulanso. Salandira wopitirira zaka 26, ine ndikwanitsa 27 mu Novembala. Chaka chino n'chomaliza. Fomu ikutseka Lachisanu likubwerali, 5 koloko madzulo. Funso lija tsopano analiika pa fomu pomwepo, ndipo analiwonjezera mchira: mkanganowo unatha bwanji?

Ndinatsimikiza kuti ulendo uno ndilemba zoona, zindithandize kapena zindigwetse. Koma sindikanalola kuti anthu achilendo amve nkhaniyi ababa asanaimve. Lachinayi lapitali ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukumba mbatata. Akalamba, amayi. Khasu amalikweza theka. Ndinaima pa mzere wina n'kuwauza zonse: chinanazi, kalata, bolopeni, bodza. Iwo ankangokumba, kugwedeza dothi, kuponya mbatata m'dengu.

"Watha?"

"Ndatha, ababa."

"Zimenezo ndinazimva kalekale kwa amako, ku chipatala."

Anaponya mbatata ina.

"Nanga iwe ukuyesa Elson anatuluka bwanji, nkhani italowa kale m'buku? Ukuyesa amako anamugula ndi nandolo?"

Pamenepo ndi pamene ndinamva zimene munachita. Akuti masiku atatu shefi ankakudutsani osayankha moni wanu. Tsiku lachinayi anadzakhala pa sitepe pafupi nanu, n'kunena kuti, "Dona Rozinya, zaka zonsezi takhala tikulemekezana. Lero mwanditumizira mwana kudzandilemba dzina pamaso pa anyamata anga, ngati ndine wakuba." Inu munati, "Ndinamutuma ndine, kulakwa n'kwanga. Koma adzabwera yekha. Adzakhala pomwe ndakhala inepa, mpaka inu mudzamuuze kuti nyamuka." Ndi mawu amenewo okha, shefi anakwera njinga yamoto kupita ku boma lawo, kukawatenga a Elson pa dzina lake, akuluakulu ake akumukalipira. Pa maliro anu anatumiza nsalu, ababa anangoiika m'sutikesi osauza munthu.

"Amako anati ndikutume intavyu ikatha," ababa anatero. "Anati usapite ku Lilongwe mutu uli pawiri."

"Intavyu inatha kalekale, ababa. Zaka zitatu?"

"Zaka zitatu zimenezo iwe unakhalapo pansi pano kuti munthu akuuze nkhani? Umabwera ngati wodzapala moto." Anazika khasu pansi n'kutsamirapo. Mawu awo anatsika. "Ndiponso mtsinje umenewo unanditengera mmodzi. Ndikanatumanso wina?"

Shefiyo akadali pomwepo, apuma ntchito kumapeto kwa chaka. Akuti munthu wa ku Milonde akafika pa kapositi kaja amamufunsa kuti, "Mwana wa Dona Rozinya uja sanachire?" Anthu amadzauza ababa, ababa amawapempha kuti akhale chete. Ndipo chichokereni inu, wa kwathu akagwidwa, salinso wa pa benchi ndi bawo. Amangomulemba m'buku. Mwamuna wina wa kuseri kwa msika anakhalako miyezi iwiri chaka chatha chifukwa cha thumba la makala, munda wake n'kugonera. Anthu amati dziko lasintha. Si dziko, amayi. Ndi mawu anu amene anatsala kumeneko opanda wokawatenga, ndipo amene amayenera kukawatenga anali pa chitseko cha minibasi, akukuwa Limbe, Limbe.

Ndinawakwiyira ababa. Ndinayenda mpaka kudoko, kubwerera, kupitanso. Ndinakukwiyiraninso inu. Masiku asanu ndi anayi ndikubwera pa bedi lanu, inu n'kumandiuza za kumeta tsitsi. Mukanangondiuza, ndikanawoloka tsiku lomwelo, ndikanagwada m'matope. Koma munasankha kusunga intavyu ya munthu amene anakugonetsani pakhonde, ndipo intavyuyo ndinaitayanso. Sindikudziwa kuti ndikuthokozeni kapena ndikudandaulireni, ndiye ndikuchita zonse ziwiri.

Ndinafuna kuwoloka m'mawa mwake, koma ababa anati mapemphero a kumanda a Lolemba ayambe achitika, banja lonse lilipo. Pamenepo sindinatsutse. Dzulo tinakhala pabwalo ndi a Millie ndi a Elson, ndipo a Millie anayamba kundiwerengera masiku.

"Iwe Lyson, tumiza kaye fomuyo, ukapepese pambuyo. Shefiyo wadikira zaka zitatu, sabata imodzi simupha."

"Ndilembapo chiyani, achemwali? Akufunsa mmene nkhaniyo inathera. Siinathe."

"Lemba bodza ngati anzako onse."

"Bodza ndinayesa kale. Linandikana."

"Ndiye tenga foni, ukalembere komweko ukudikira."

A Elson, amene asunga pakamwa pawo zaka zitatu chifukwa inu munawalamula pa njinga ija, anaseka koyamba pa nkhaniyi. "Foni pakhonde la shefi? Mukufuna ulendo uno andimange ndili kuno?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Alamu, ndikuperekezani mpaka padoko, ndipo ndikusechani ndekha. Ndikapeza bolopeni, muwoloka chosambira."

A Millie sanaseke. Anati ndikutaya moyo wanga kachiwiri, ndipo inu simunasite malaya aja kuti ndidzathere pa Chinakanaka. Mwina akunena zoona. A Millie amafanana nanu pokalipa, ndipo ndikawayang'ana sindidziwa kuti inu mukanakhala mbali iti. Ababa anangoti, "Mlandu suwola," n'kulowa m'nyumba.

Tonse tikukusowani, aliyense mwa njira yake. Ababa amakonzabe makapu awiri a tiyi m'mawa, kenaka n'kumwa onse okha kuti tisaone. A Millie amavala mpango wanu tsiku la msika. A Elson sanagulitse njinga ija ngakhale yatha matayala. Mdzukulu wanu Pilirani, amene anabadwa mutapita, akuyamba kulankhula, ndipo palibe womuphunzitsa kupemphera m'Chilomwe monga mmene munkachitira. Amayi a mvano a ku Milonde, anzanu a pa esiteti, ndi abale a tsidya amene amawolokabe kudzafunsa za manda anu, onse akuti tikutchuleni.

Ndikulemba izi Loweruka kuti zituluke Lolemba, tsiku lanu. Dzina la shefi sindinalembe muno, ndipo sindidzalilembanso pena paliponse. Lachiwiri m'mawa ndiwoloka. Inu anakusungani masiku anayi, mlandu usali wanu. Akandisunga chimodzimodzi, Lachisanu lidzandipeza pakhonde, fomu idzatseka ndili komweko, ndipo chaka chamawa kulibe. Ndawerenga ndi zala kangapo, zikutuluka chimodzimodzi. Sikolashipu imeneyi ndikuifuna, amayi, sindikubisirani. Ndikufuna ndikakhale pa mipando ija, ndikamve ngati pali chimene amaphunzitsa kumeneko chimene inu simunkachidziwa. Akandiuza kuti nyamuka Lachitatu kapena Lachinayi, ndidzathamanga kuchokera padoko mpaka pamene pali netiweki, ndikalembe mmene nkhaniyo inathera. Akapanda kutero, sindidzafunsa nthawi, sindidzatchula Lachisanu, sindidzanyamuka.

Choopsa si shefi. Choopsa ndine, amene zaka zitatu sindinathe kumaliza ulaliki umodzi ndili pa benchi. Chifukwa chake sindikupemphani kuti mufewetse mtima wake, kapena kuti mundisungire malo pa fomu ya eni. Ndikupempha chimodzi: dzuwa likadzafika pamutu tsiku loyamba, iye n'kundidutsa osayankha moni, mudzandigwire miyendo.

Sitidzakuiwalani, amayi, tsidya lino ngakhale tsidya ilo.

Lyson, m'malo mwa banja lonse la a Mulepa, Milonde, Mulanje.